Ngati bawo, koma pa laputopu: mmene masewera akale a ngwazi ndi zinjoka amayendera

Loweruka masana kwathu ku Dzivarasekwa pamakhala magulu awiri. Pansi pa mtengo wa mango pamakhala madala ndi bawo, ena mwa iwo anabadwira kuno ku Harare koma mkangano ukabuka Chichewa chake chimatuluka cha ku Dedza chenicheni. Pakhonde timakhala ife, ine ndi ana awiri a mchemwali wanga, titazungulira laputopu imodzi yakale imene batire yake imagwira maola awiri basi. Tsiku lina mlamu wanga anaima kumbuyo kwathu kwa kanthawi, n'kufunsa kuti, "Alamu, kodi gemu yanuyi yafa? Palibe chikuyenda apa." Sinali itafa. Mnyamata wamkulu anali akuwerengera ngati golide amene anatsala naye akanakwanira kumanga linga la mzinda wake sabata isanathe, ndipo kompyuta inkamudikira mmene mnzako wa bawo amakudikirira ukamawerenga maenje ndi maso.

Anthu ambiri akamva za magemu amaganiza za mpira kapena zowomberana, zimene zimafuna zala zachangu ndi makina odula. Koma pali mtundu wina wakale, wa zaka za m'ma 1980 ndi 1990, umene umafuna mutu ndi kudekha. Uli panjira ziwiri. Njira yoyamba ndi ija ya RPG, imene umatenga munthu mmodzi kapena kagulu kochepa n'kuyenda nako m'nkhani yaitali ngati nthano. Yachiwiri ndi ya ukadaulo wolamulira, imene umayang'anira mizinda, chuma ndi magulu ankhondo pa mapu. Zonse ziwiri zimachitika m'dziko lopeka la malupanga, zinjoka ndi matsenga, ndipo zonse zimayenda ndi masamu amene munthu angathe kuwaona ndi kuwawerengera yekha. Masamu amenewa ndiwo ambiri sawadziwa, ndipo popanda iwo masewerawa amangooneka ngati zithunzi zakale zosalongosoka.

Chiyambi chake sichinali pa kompyuta. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons, oseweredwa patebulo ndi mapepala, pensulo ndi madayisi. Mmodzi mwa osewera amakhala ngati wofotokoza nthano: amanena kuti mwalowa m'phanga, kutsogolo kuli chitseko, kumanzere kukumveka mapazi. Enawo amanena zimene anthu awo achite. Pofuna kudziwa ngati zatheka, amaponya dayisi. Madayisi ake si a mbali 6 okha monga a ludo. Alipo a mbali 4, 8, 10, 12 ndi 20. Munthu aliyense wa m'nthanoyo amakhala ndi manambala 6 omufotokoza: mphamvu, changu cha thupi, kupirira, nzeru, luntha la kuzindikira, ndi chikoka pa anthu. Nambala iliyonse imapezeka poponya madayisi atatu a mbali 6, choncho imakhala pakati pa 3 ndi 18.

Makompyuta a m'nyumba atayamba kufala, anthu anaona kuti ntchito yoponya madayisi ndi kusunga manambala makina angaigwire bwino kuposa munthu. Mu 1981 munatuluka Ultima ya Richard Garriott komanso Wizardry. Mu 1986 Jon Van Caneghem anatulutsa Might and Magic. Zithunzi zake zinali mizeremizere, ndipo osewera ankajambula okha mapu m'kope la masamu kuti asasochere. Ambiri mwa awa lero ndi ovuta kuwapirira, ndipo sindingauze munthu watsopano kuti ayambire pamenepo.

Poyambira pabwino ndi Baldur's Gate, imene kampani ya BioWare ya ku Edmonton, Canada, inatulutsa mu 1998. Amene anayambitsa kampaniyo anali madokotala a zachipatala, ndipo gemuyo inkabwera pa ma CD asanu. Umayamba ngati mwana wamasiye wokulira m'linga lodzaza mabuku lotchedwa Candlekeep, ndipo ukatuluka umapeza dziko lili pamavuto chifukwa chitsulo chochokera ku migodi chikungophwanyika. Izi sizongonena chabe: lupanga lako wamba limatha kuthyoka uli pakati pa nkhondo. M'njira umakumana ndi anthu ofuna kuyenda nawe, mpaka gulu lifike 6. Aliyense ali ndi khalidwe lake. Ena sagwirizana ndipo amatha kumenyana okhaokha, ena amakusiya mbiri yako ikaipa, ndipo alipo amene amadandaula ukamachita zabwino zambiri.

Apa ndi pamene masamu aja amaonekera. Baldur's Gate imatsata malamulo a Dungeons & Dragons a mu 1989, amene ali ndi nambala yotchedwa THAC0. Imeneyi ndi nambala imene uyenera kupeza pa dayisi ya mbali 20 kuti umenye mdani amene chitetezo chake chili pa 0. Chosokoneza n'chakuti manambala onse awiri amakhala abwino akamatsika. Wankhondo wongoyamba kumene ali ndi THAC0 ya 20. Mdani wovala malaya a unyolo ali ndi chitetezo cha 5. Uchotse 5 pa 20, yatsala 15. Ndiye kuti dayisi iyenera kugwa pa 15 kapena kupitirira, ndipo mbali zotero zilipo 6 mwa 20, kutanthauza magawo 30 pa 100 alionse. Mdaniyo akavala malaya a zitsulo zathyathyathya n'kunyamula chishango, chitetezo chimatsikira pa 2, iwe uyenera kupeza 18, ndipo mwayi wako wadulidwa pakati. Wankhondo akakwera sitepe imodzi, THAC0 yake imatsika ndi 1. Munthu amene sakudziwa zimenezi amangoona kamunthu kake kakuphonya kasanu motsatizana n'kunena kuti gemu ndi yobera. Amene akudziwa amabwerera kaye kumsika kukagula uta.

Mwana wamng'ono wa mchemwali wanga anaphunzira izi movutikira. Anasankha kukhala wamatsenga chifukwa anaona chithunzi cha munthu akuponya moto. Sanadziwe kuti wamatsenga wongoyamba amakhala ndi moyo wa manambala 4 kapena kupitirira pang'ono, komanso tsenga limodzi lokha patsiku, limene akaligwiritsa ntchito ayenera kugona maola 8 kuti alikumbukirenso. Atangotuluka m'linga anakumana ndi mmbulu, ndipo sanachedwe kufa. Kachiwiri chimodzimodzi. Anatseka laputopu ndi mkwiyo n'kunena kuti, "Malume, zimenezi ndi zachibwana." Ndinamuonetsa batani lalitali la pansi pa kiyibodi, limene limaimitsa nkhondo nthawi iliyonse kuti upereke malangizo kwa aliyense wa gulu lako mosathamanga. Ndinamuonetsanso tsenga logonetsa adani, limene silioneka lochititsa chidwi koma limagwetsa chigulu chonse cha tizirombo tating'ono nthawi imodzi. Sabata yotsatira ndinamupeza ataika wankhondo kutsogolo, oponya mivi awiri kumbuyo, wamatsenga wake atabisala kuseri kwa onse. Palibe anamuuza kuti awaimike choncho.

Komabe gemu imene imatisonkhanitsa pakhonde paja ndi ya njira yachiwiri ija, Heroes of Might and Magic III, imene New World Computing inapanga ndipo inatuluka mu 1999. Ndikhalitsa pa imeneyi chifukwa ndi imene ndimaidziwa ngati njira ya ku Mbare Musika.

Nthawi m'gemu imeneyi imawerengedwa ndi masiku. Tsiku lililonse wosewera aliyense amachita zake mpaka atakhutira, kenako amapereka mpata kwa wina. Uli ndi mzinda umodzi poyamba, ndipo mu mzinda umaloledwa kumanga chinthu chimodzi chokha patsiku. Uli ndi ngwazi yokwera hatchi imene imayenda mtunda woyezedwa patsiku, ndipo mtundawo umadalira chilombo chochedwetsetsa m'gulu lake. Mapu onse amakhala akuda kufikira utayendamo. Chuma chili mitundu 7: golide, matabwa, miyala, mekyule, sulufule, kristalo ndi miyala yamtengo wapatali. Malo ocheka matabwa amakupatsa matabwa 2 patsiku, mgodi wa golide umakupatsa 1,000. Holo ya mzinda imayamba ndi golide 500 patsiku, ukaikweza imafika 1,000, kenako 2,000, ndipo yapamwamba kwambiri, imene munthu amaloledwa kukhala nayo imodzi yokha, imapereka 4,000 koma imadya 10,000 poimanga.

Msana wa gemu yonse ndi sabata. Tsiku loyamba la sabata iliyonse, nyumba zonse za asilikali zimene unamanga zimabereka asilikali atsopano. Ukamanga nyumba ya asilikali pa tsiku la 7, mawa lake umalandira gulu lina pamwamba pa limene nyumbayo inabwera nalo. Ukachedwa ndi tsiku limodzi, wataya gulu la sabata yathunthu. Linga likafika pamlingo wapamwamba, chiwerengero cha obadwa chimawirikiza kawiri. Ndiye tsiku lililonse pali funso lomwelo limene mlimi amakumana nalo akagulitsa fodya: kodi ndalamazi ndigule feteleza wa chaka chamawa kapena ndifolere nyumba lero? Ukathamangira holo ya golide 4,000, mdani angakupeze ulibe asilikali. Ukathamangira asilikali, sabata yachitatu udzawaona atadzaza m'nyumba zawo iwe ulibe chowagulira. Ngakhale bokosi la chuma lopezeka panjira limakufunsa: utenge golide 1,500 kapena ngwazi yako ilandire luso la manambala 1,000? Ine masiku oyamba ndimatenga golide. Mnyamata wamkulu amatenga luso nthawi zonse, ndipo takhala tikutsutsana za bokosi limeneli kwa zaka ziwiri.

Magulu awiri akakumana, mapu amatsekeka ndipo pamabwera bwalo la nkhondo logawidwa m'timalo ta ngodya 6, ngati zisa za njuchi. Ngwazi imanyamula magulu osapitirira 7, ndipo gulu lililonse limaoneka ngati chilombo chimodzi chokhala ndi nambala pansi pake. Mphamvu yomenya ya gulu lako ikaposa chitetezo cha mdani, nambala iliyonse yopitirira imawonjezera magawo 5 pa 100 ku ululu wa nkhonya. Lamulo limene limasiyanitsa wodziwa ndi wongoyamba ndi ili: gulu lililonse limabwezera kamodzi kokha pa ulendo uliwonse umene magulu onse amalandira mpata wawo. Choncho wochenjera amapatula msilikali mmodzi wotchipa kuti ayambe ndiye kumenya chinjoka. Chinjoka chimamubwezera, iye n'kufa, kenako gulu lalikulu limamenya popanda kubwezeredwa. Aliyense amene anaonapo mdala akupereka dala nkhomo zochepa kuti adye zambiri ulendo wotsatira amva msanga zimenezi. Koma lamulo lililonse lili ndi chilombo cholithyola: ma griffin a mzinda wa Castle, zilombo za mutu wa chiwombankhanga ndi thupi la mkango, amabwezera kawiri, ndipo akakwezedwa amabwezera aliyense wowakhudza.

Mizinda inalipo mitundu 8 poyamba, ndipo wa 9 unabwera ndi chowonjezera chotchedwa Armageddon's Blade, chimene chinabweretsanso njira yoti kompyuta izipanga yokha mapu atsopano. Mzinda uliwonse uli ndi zilombo za masitepe 7 ndi kaseweredwe kake. Rampart ili ndi oponya mivi oopsa koma ena mwa asilikali ake ndi oyenda pang'onopang'ono. Necropolis imadzutsa mafupa a ophedwa kunkhondo kukhala asilikali ake, moti ikasiyidwa nthawi yaitali imakula mopanda malire, ndipo pakhonde pathu tinagwirizana kuti pasakhale woisankha.

Chimene chimapangitsa gemu imeneyi kukwanira moyo wathu wa kuno ndi chakuti anthu mpaka 8 angasewere pa kompyuta imodzi, mosinthana mpando. Safuna intaneti, safuna bandulo, safuna kuti aliyense akhale ndi makina ake. Wina akamasewera, enawo amatembenuka kapena amapita kukathandiza kutunga madzi, kuti asaone kumene ngwazi ya mnzawo yabisala. Inapangidwira makompyuta a Pentium okhala ndi memore ya 32 MB, choncho laputopu iliyonse yakale yogulidwa ku Gulf Complex m'tauni imaiyendetsa osatentha, ndipo batire imakhalitsa. Magetsi akathima pakati pa masewera, sutaya zambiri chifukwa gemu imadzisungira yokha kumapeto kwa tsiku lililonse. Baldur's Gate ndiyo inandiphunzitsa mowawa: usiku wina magetsi anathima batire itatha kale, ndipo ntchito ya maola awiri m'migodi inapita. Kuyambira pamenepo chala changa chimadina Q, batani loseva msanga, ndisanatsegule chitseko chilichonse.

Pali ena a mtundu wolamulirawu amene sadikira, monga Warcraft ya mu 1994 ndi Warcraft II ya mu 1995, mmene onse amasewera nthawi imodzi ndipo wachangu pa mausi ndiye amapambana. Ndi abwino, koma kwa ine ali ngati mpira, osati bawo. Ndipo poti tili ku Harare, ndinene kanthu kena kamene kamandidabwitsabe: mu gemu yolamulira ya Civilization ya Sid Meier ya mu 1991, ukasankha Azulu otsogozedwa ndi Shaka, likulu lako limatchedwa Zimbabwe. Opanga gemuyo anasakaniza mbiri za anthu awiri osiyana. Ndimauza anyamatawa zimenezi kuti adziwe kuti gemu ingakuphunzitse kuwerengera, koma mbiri ya kwanu ukafunse agogo ako.

Tsopano nkhani imene sindingailumphe, chifukwa mayi anga anaifunsa maso ali gwa: "Mwanawe, kodi zimene ukuonetsa adzukulu angazi si zaufiti?" Funsoli silopusa. Kwa ife mawu akuti matsenga si a m'nthano chabe. Ndi mawu amene agawanitsa mabanja ndi kuthamangitsa nkhalamba m'midzi. Ngakhale ku America makolo ndi mipingo ina anadandaula kwambiri za Dungeons & Dragons m'zaka za m'ma 1980, mpaka kampani ya TSR, imene inkasindikiza masewerawo, inachotsa mayina a ziwanda m'malamulo ake a mu 1989. Ndinawakhazika mayi pafupi n'kuwaonetsa kuti tsenga la m'gemu ndi nambala: limadya manambala akutiakuti, limachotsa moyo wakutiwakuti kwa mdani, basi. Palibe mawu oti munthu alankhule, palibe mankhwala oti afunefune. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako analoza mzinda wa Inferno wa mu Heroes III, wa moto ndi zilombo za nyanga, n'kunena kuti umenewo okha asauone m'nyumba mwawo. Ndinavomera, ndipo sindinavomere mongowakondweretsa. Kholo lili ndi ufulu woika malire, ndipo inenso gemu ya Diablo, imene ili ndi magazi ndi mdima wambiri, sindiipereka kwa ana. Ife amene timamva anzathu a kuno akutchula gule wamkulu kuti zvigure ndi mantha, osafunsa tanthauzo lake, tikudziwa kuwawa kwa chinthu choweruzidwa ndi munthu woima patali. N'chifukwa chake ndinafuna kuti mayi aone okha, osati angomva kwa ine.

Ndinawauzanso za Ultima IV ya mu 1985, imene ilibe chimdani chachikulu choti uphe pamapeto. Cholinga chake ndi kukhala munthu wa makhalidwe 8, monga kunena zoona, chifundo, chilungamo ndi kudzichepetsa. Muli wogulitsa zitsamba wosaona amene ungathe kumupatsa ndalama zoperewera iye osadziwa. Gemu sikuletsa, koma imasunga mumtima, ndipo patsogolo umapeza njira yatsekeka.

Choopsa chenicheni cha masewerawa, mwa kuona kwanga, ndi nthawi. Popeza tsiku lililonse la m'gemu limasiya kanthu kosamalizika, nyumba yoti umange mawa, mgodi umene watsala masitepe atatu, munthu umangoti ndimalize ili lokha, mpaka atambala kulira. Mnyamata wamkulu ali ndi mayeso a ZIMSEC chaka chino, ndiye laputopu imatuluka Loweruka lokha, homuweki itaonedwa ndi mayi ake.

Wofuna kuyamba angawapeze bwanji? Kampani ya 3DO, imene inali mwini wa Heroes, inagwa mu 2003 ndipo dzinalo linagulidwa ndi Ubisoft, koma gemuyo ikugulitsidwabe. Sitolo ya pa intaneti ya GOG, imene inayambitsidwa ku Poland mu 2008 ndi CD Projekt, imagulitsa masewera akale atakonzedwa kuti ayende pa Windows ya masiku ano. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti ukagula umatsitsa fayilo yonse, n'kuisunga pa fulashi, ndipo sifunanso intaneti poyika kapena posewera. Pamafunika khadi yolipirira kunja, choncho ambiri amapempha wachibale amene ali nayo. Posankha Heroes III, tengani yolembedwa Complete. Ija ya HD ya mu 2015 ili ndi zithunzi zosalala koma ilibe zowonjezera zake ziwiri, kuphatikizapo Armageddon's Blade ija, ndiye mulibe mzinda wa 9 kapena mapu odzipanga okha. Baldur's Gate inakonzedwanso mu 2012 pansi pa dzina la Enhanced Edition, ndipo imayenda ngakhale pa tabuleti. Akale kwambiri a nthawi ya DOS, Windows isanafale, amayenda kudzera m'pulogalamu yaulere ya DOSBox. Mafayilo ongopatsana m'misewu ndi amene amabweretsa mavairasi, ndipo laputopu imene mwana amalembera ntchito za kusukulu si yoyeserapo.

Amene alibe ndalama iliyonse ayambe ndi Battle for Wesnoth, imene David White anaiyamba mu 2003 ndipo ndi yaulere mwalamulo. Nayonso ndi yosinthana mpata. Msilikali akaima m'nkhalango kapena paphiri amavuta kumenya kusiyana ndi akaima m'madzi, midzi imapereka golide ndi kuchiritsa ovulala, ndipo asilikali ena amalimba masana pamene ena amalimba usiku, moti umayenera kudziwa nthawi yobwerera m'mbuyo kudikira dzuwa.

Chingerezi cha m'masewerawa ndi chambiri, ndipo china ndi chachikale. Pakhonde pathu chimasanduka msanga. Ngwazi yaikulu timaitcha mfumu, zing'onozing'ono zotola matabwa ndi kunyamula asilikali kuchokera ku mzinda timazitcha amtengatenga, ndipo tsiku loyamba la sabata ndi tsiku la malipiro. Chishona chimalowererapo mkangano ukakula.

Mlamu wanga uja anabweranso Loweruka lotsatira, atagonja kawiri pa bawo. Anakoka mpando, tinamupatsa mzinda wa Castle chifukwa ndi wosavuta kumva. Anafunsa mafunso atatu okha: ndalama zimalowa liti, asilikali amabadwa liti, ndipo mdani ali mbali iti. Atafika pa bokosi loyamba la chuma anakhala chete, akusisita chibwano mmene amachitira pansi pa mango paja. Anyamata onse awiri anayamba kumulangiza nthawi imodzi, wina golide, wina luso. Iye anakweza dzanja n'kunena kuti, "Taimani kaye, ana inu, ndiwerenge." Batire inali itatsala ndi mphindi 40.